Tapatukani, Bwana Akujambula

Mapepala a katundu akachedwa pa doko la Beira, dalaivala wa ku Malawi amasanduka mlendo woona malo asakufuna. Ife tinakhala masiku asanu tikudikira feteleza. Ndinapitako pa thiraki ya mphwanga, amene anandinyengerera kuti ndikaone nyanja yamchere ndisanafe, poti moyo wanga wonse ndakhala ndikutama ya ku Mangochi yokha. Tsiku loyamba tinagona. Lachiwiri tinachapa. Lachitatu tinakangana za mpira mpaka nkhani zinatithera. Lachinayi mnzake wa mphwangayo, mkulu wa ndevu za imvi woyendetsa thankala ya mafuta, anati: "Tiyeni ndikakuonetseni hotela imene simudzagonamo."

Tinakwera txopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tija, kuchoka ku Munhava kumene mathiraki amagona, kudutsa pakati pa tauni mpaka ku Ponta Gea. Mphuno ndiyo inayamba kufika: utsi wa makala, nsomba zokazinga, madzi oima, ndi kamphepo ka mchere pamwamba pake. Maso anatsatira pambuyo. Grande Hotel ndi chinyumba chotambalala, chokhotakhota bwino ngati anachiumba ndi manja, koma chakuda bii ngati kunsi kwa mphika. Galasi mulibe ngakhale limodzi. M'mazenera muli zitenje, masaka, makatoni ndi zidutswa za malata. Pamakonde a m'mwamba pamera mitengo, osati tizitsamba ayi, mitengo yeniyeni, mizu yake ikutsetsereka ndi chipupa kufunafuna dothi. Ndipo paliponse pamene diso lagwa pali chovala choyanika.

Anzangawo anafuna kuzungulira kaye kuseri kuti akaone mafunde. Ine bondo linakana. Ndinapempha malo pa benchi ya mayi wina wogulitsa tomato, makala a m'timapepala ndi nsomba zokazinga pangodya, moyang'anana ndi khomo lalikulu. Ndinagula nsomba imodzi kuti benchi isanditope, n'kutchera khutu.

Posakhalitsa panaima galimoto. Munatuluka mzungu wamtali, wopsa ndi dzuwa, makamera awiri ali lende m'khosi, pambuyo pake mnyamata wa pomwepo atasenza chikwama ndi chitsulo cha miyendo itatu choimikapo kamera. Anayamba alowa kukaonana ndi mlembi wa anthu okhalamo, chifukwa muno simungolowa ngati m'tchire. Muli atsogoleri ake, ndipo mlendo wa kamera amasiya kangachepe. Atatuluka anaimika chitsulo chake pakhomo, n'kulozetsa kamera ku makwerero aakulu a m'kati, okwera mokhota aja. Anasuzumira. Anaweramuka. Anasuzumiranso. Kenako ananong'oneza mnyamata uja, ndipo mnyamatayo anayamba kukuwa m'Chisena, manja akupalasa mphepo ngati akuingitsa nkhuku pa mphale.

"Koma ameneyu akuti chiyani?" ndinadzifunsa mokweza.

"Akuti tapatukani, bwana akujambula."

Woyankhayo anali mayi wa nsomba uja, m'Chichewa chosalala cha kuchigwa cha Shire. Ndinatsala pang'ono kumeza munga.

"Mayi, Chichewa chimenechi munachitola kuti?"

"Kwanu komweko, bambo. Ku Mankhokwe, ku Nsanje. Tinathawa nkhondo ku Mutarara mu 1986 ndili kamtsikana, ndinabwerako nditatha msinkhu. Sukulu yanga yonse ndi ya kwanu. Nandolo wa m'misasa ndinamudya mpaka lero sindimufuna."

Ana a masiku ano sadziwa kuti nthawi ina dziko lathu linasunga anthu othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 1 miliyoni, ndi kuti m'boma la Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anayamba kubwerera. Mayiyu anakapeza kwawo kutamera tchire. Anakwatiwa ndi mwamuna wa maganyu a pa doko, ndipo malo okha amene anawapeza m'tauni popanda lendi anali muno. Mwamunayo anamwalira. Iwo akadali momwemo, pa nsanjika yachiwiri, ndi ana ndi zidzukulu.

Pakhomo paja ntchito inali itavuta. Makwerero a nyumba yokhala anthu zikwi ndi msewu, ndipo msewu sungauuze kuti uime. Mnyamata akapatutsa amayi awiri osenza zidebe, kumwamba kumatsika ana a sukulu. Ana akadutsa, kumakwera bambo atanyamula njinga paphewa. Wa njinga atangozimiririka, panatsika mtsikana ndi beseni la zovala, ndipo ataona kamera anaima pakati penipeni, dzanja m'chiuno, mano onse pamtunda. Mzungu anatseka maso n'kupumira m'mwamba. Mayi wa nsomba anaseka mpaka anagwira benchi.

"Amafuna makwerero okha. Onse amene amabwera amafuna makwerero okha, ndi dziwe la kuseriko. Ife timawaonongera."

Apa n'kuti anzanga aja atabwerera. Mphwanga anaima manja m'thumba, akupukusa mutu.

"Amalume, taonani. Azungu kumanga chinthu chokongola chonchi, ife n'kuchisandutsa khola. Anthu akudafe tili ndi vuto ndithu."

Mawu amenewa ndawamvapo kambirimbiri, m'minibasi, pamaliro, ngakhale paguwa. Ndinati ndiyankhe, koma mkulu wa thankala anandichita changu.

"Iwe mwana, tabwera kuno. Hotela iyi inatsegulidwa mu 1955. Inatsekedwa mu 1963. Tawerenga zala."

"Zaka zisanu ndi zitatu."

"Apwitikizi anachoka liti m'dziko muno?"

"1975."

"Ndiye anaipha ndani? Mayi awa anali asanabadwe. Inafera m'manja mwa eni ake, Frelimo isanaombe ndi mfuti imodzi yomwe."

Mkuluyu wayenda msewu wa Mwanza, Zobue, Tete mpaka Inchope zaka zambiri, ndipo mbiri ya chinyumbachi amaidziwa ngati ya kwawo. Zimene ananena ndi zoona, ngakhale za mfutizo: nkhondo yomenyera ufulu inayamba mu 1964. Hotelayi inamangidwa ndi ndalama za Companhia de Moçambique, kampani imene kale inkalamulira chigawo chonsechi ngati munda wake, ndipo mmisiri amene anaimaliza anali Francisco de Castro. Inali ndi zipinda zogona zoposa 100, dziwe losambiramo la muyezo wa mipikisano ya Olympic, zikepe, ndi zipinda zovinira. Ankaitama kuti mu Africa monse mulibe inzake. Koma chiwerengero chinalakwika kuyambira pa maziko. Eni ake ankadalira kuti mudzakhala nyumba ya juga yokopa anthu a ndalama, ndipo chilolezo cha jugayo sichinatuluke. Azungu a ku Rhodesia, amene ankakhamukira ku Beira pa tchuthi, sanali anthu ogona m'zipinda zodula. Ambiri ankabwera pa galimoto zawo ndi mabanja, n'kukagona motchipa kufupi ndi mchenga cha ku Macuti. Hotela ya antchito ambirimbiri inkadikira alendo amene sankabwera, ndipo phindu sinapangepo.

"Itatsekedwa ankangoitsegula pakakhala phwando," anapitiriza mkuluyo. "Mu 1971 munachitikira ukwati wa mwana wamkazi wa Jorge Jardim. Ukumudziwa ameneyo?"

Mphwanga sankamudziwa. Ife a kale timalikumbuka dzinalo: Mpwitikizi wa mabizinesi ndi ndale za mseri, bwenzi la Kamuzu, amene anali kazembe woimira Malawi mumzinda womwe uno wa Beira. Musadabwe kuti Kamuzu anafuna munthu wake kuno. Tiyi wa ku Thyolo ndi fodya wathu zinkatulukira pa doko limeneli pa sitima ya pamtunda, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935. Beira linali khomo lathu. Ngakhale lero feteleza ndi mafuta ambiri amalowera pomwepa, kungoti pa matayala.

Ufulu utabwera, zipinda za kunsi zinasanduka ndende, m'mwamba munagona asilikali ndi apolisi. Nkhondo yapachiweniweni itakula m'zaka za m'ma 1980, anthu othawa kumidzi anayamba kulowamo, banja ndi banja, ndipo sanatulukenso. Chiwerengero chawo chimatengera amene wawerenga: ena amati 1,000 ndi kanthu, ena amati amapitirira 3,000.

"Ndiye tawerenganso," anatero mkulu wa thankala. "Olemera inawasunga zaka 8. Osauka yawasunga zaka zoposa 40. Iweyo ukuti hotela imeneyi ndi ya ndani?"

Mphwanga anati komabe sakanazula mapaipi. Pamenepo sindinamutsutse, chifukwa anazuladi. Mawaya, mapaipi, mabafa, mafelemu a mazenera, zonse zinapita kumsika kalekale. Timatabwa tosalala ta pansi tinaphikira nsima. Mayi wa nsomba sanakane.

"Tinagulitsa, inde. Mwana akamalira njala, bambo, paipi yopanda madzi mumaiyang'ana kawiri."

Mnyamata wa mzungu uja anabwera kudzagula ndudu imodzi, thukuta lili kamukamu. Mayi anamufunsa za bwana wake, n'kumatimasulira. Akuti wachokera ku Ulaya. Akuti akupanga buku la zithunzi za mahotela akufa a m'mbali mwa nyanja, ndipo wayenda maiko angapo. Akuti wafulumira kubwera chifukwa wamva kuti ino aigwetsa posachedwa.

Mayi anaomba m'manja kamodzi. "Aigwetsa! Nkhani imeneyo ndinayamba kuimva ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Pano iyeyo ali ndi wake kumsana."

"Bukulo akulitcha chiyani?" anafunsa mkulu wa thankala.

Mnyamata anatchula liwu la Chipwitikizi. Mayi anaganiza pang'ono. "Kwanu mumati mabwinja."

"Mabwinja?" Mkuluyo anatembenuka n'kuyang'ana chinyumbacho kuyambira pansi mpaka kumitengo ya padenga. "Kwathu ku Ntcheu bwinja ndi pamene anthu anasamukapo. Pamatsala mitengo ya mango, mafuwa, ndi manda chapatali. Ukadutsapo madzulo umayenda mofulumira. Pabwinja sipafuka utsi. Tawerengani mbaula zikuyaka apa."

Ine ndinagwirizana naye, ndipo ndikugwirizana nayebe. Vuto la mlendo uja silinali kamera. Linali liwu limene anabwera nalo m'chikwama. Anachoka kwawo atadziwa kale kuti akukajambula chinthu chakufa, ndiye chilichonse chopuma chinkamutchinga. Kuti chithunzi chake chinene zimene iye ankafuna, panafunika kuti anthu zikwi apatuke kaye. Akatero, munthu wa ku Ulaya adzatsegula bukulo pa mpando wa ndalema, adzaona makwerero opanda munthu, kuwala kukulowa pa zenera losweka, n'kumva kachisoni kokoma kaja ka zinthu zakale. Sadzadziwa kuti kuseri kwa chipilala kunabisala amayi asanu ndi zidebe pamutu, akudikira kuti bwana amalize.

Koma ndisanayambe kudzimva wanzeru, mayi wa nsomba anandidula.

"Musatikometsere, abambo inu. Muno si malo okhala munthu. Madzi timagula kunja. Chimbudzi mulibe. Maenje a zikepe adzaza zinyalala mpaka pakamwa, makoswe ake ngati ana a mphaka. Zotchinga za pamakonde zinachoka, ndipo ana amagwa. Ine ndaikapo maliro a mwana wa mnansi wanga amene anangotsetsereka akusewera. Mvula ikagwa, kolera sachedwa. Akafuna kugwetsa agwetse. Koma ayambe atiuza kopita."

Anatiloza pangodya ya khonde lina pamene konkire yagamphuka, zitsulo zili poyera, zofiira ngati dothi la katondo. Mkulu wa thankala anafotokoza mmene mchere umadyera nyumba za m'mbali mwa nyanja. Mphepo yonyowa imalowa m'ming'alu, chitsulo cha m'kati chimachita dzimbiri, dzimbiri likachuluka chitsulo chimatupa, ndipo chikatupa chimang'amba konkire kuchokera m'kati. Nyumba yosamalidwa amaipaka ndi kuimata chaka ndi chaka. Iyi yatha zaka 60 popanda woipaka.

"Komatu ndi yolimba," anatero mayi, ngati munthu amene wanyoza mwana wake kenako n'kumuikira kumbuyo. "Usiku wa Idai uja malata a m'tauni muno ankauluka ngati mapepala. Abale anga a ku Praia Nova anathawira kwa ine. Tinagona anthu 14 m'chipinda chimodzi, madzi akulowa pazenera, koma chipupa sichinagwedezeke."

Namondwe ameneyo anagunda Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, atayamba wamiza kale midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Mphwanga anati amakumbuka, chifukwa msewu wochoka ku Inchope unaduka ndipo mathiraki anaima masiku ambiri.

Za kugwetsa, mkulu wa thankala anali ndi nkhani yake. Ku Maputo, m'mbali mwa nyanja panjira ya ku Costa do Sol, kunali chinyumba china chachitali, nsanjika zoposa 20, chimene chinkayenera kukhala hotela ya Quatro Estações. Eni ake anachisiya chosatha pa nthawi ya ufulu, ndipo chinaima choncho zaka zoposa 30. Anthu amakamba kuti pochoka anathira simenti m'mapaipi kuti wina asadzachigwiritse ntchito. Pa 31 Malichi 2007 anachitchera mabomba n'kuchiphulitsa, khamu la anthu likuonerera chapatali, makamera ali m'mwamba.

"Kuphethira kawiri, basi, fumbi lokhalokha," anatero. "Lero pamalopo pali ofesi ya kazembe wa America. Koma chija chinali chosavuta. Ichi ukafuna kuchiphulitsa uyambe wapeza malo a mabanja mazanamazana, ndi madzi, ndi sukulu. Katapila ndi wotchipa. Chodula ndi anthu."

Tsono ndimuikireko kumbuyo mlendo wa kamera, poti sanali pa benchi kuti adziyankhire. Makwerero aja ndi okongoladi. Amene anawajambula pa pepala ankadziwa ntchito yake, ndipo tsiku limene adzagwe, chotsala chidzakhala zithunzi za anthu ngati iyeyu. Ife a ku Malawi tisanyoze zimenezi. Ku Cape Maclear kunali hotela kumene ndege zotera pamadzi za BOAC zinkaima mu 1949 ndi 1950 paulendo wa pakati pa England ndi South Africa. Ndegezo zitasiya kubwera, hotelayo sinakhalitse, anaiphwasula. Mwana wa ku Chembe komweko lero mukamuuza kuti azungu ankatsika ndege panyanja pakwawo n'kukagona pomwepo, amayesa nthano, mpaka mutamuonetsa chithunzi chakale. Ife timagumula msanga, kujambula timaiwala.

Ndiponso si onse a makamera amene amapatutsa anthu. Guy Tillim wa ku South Africa anajambula hotela yomweyi m'buku lake la Avenue Patrice Lumumba. Licínio Azevedo anapanga filimu ya Hóspedes da Noite mu 2007, ndipo Lotte Stoops wa ku Belgium anapanga ina mu 2010. M'mafilimu awiriwo okhalamo amaoneka, amalankhula, amaphika, amakangana. Kamera ndi yomweyo. Kusiyana kuli pa zimene wabwera kudzafuna.

Dzuwa litapendeka, mwayi wa mlendo uja unafika. Sindikudziwa kuti zinatheka bwanji, koma makwerero anangoti zii, opanda munthu, kuwala kwa madzulo kutagona bwino pamasitepe. Mzungu anawerama msangamsanga. Kamera inalira kangapo. Ndiye kuchokera kuseri kwa chipilala kunatulukira bakha, akuyenda monyang'wa ngati mwini hotela, n'kuima pa sitepe yoyamba. Pangodya ponse panabuka chiseko. Mzungu naye anaseka, ndipo bakhayo anamujambula.

Mwina kuseka kumeneko n'kumene kunawalimbitsa mtima mayi aja. Anapukuta manja pa chitenje, anaitana mnyamata uja, n'kumutuma kuti akapemphe bwana wake chinthu chimodzi: akwere nawo akawajambule pakhomo pa chipinda chawo, iwo ndi ana.

Ndinawafunsa ngati akufuna chokumbukira.

"Chokumbukira cha chiyani? Ndikufuna umboni. Tsiku logwetsalo likadzafika adzabwera ndi kaundula. Ine za makaundula ndimazidziwa, ndinakulira pamzere. Tsiku la kalembera ukapezeka uli kumaliro, dzina lako palibe. Amene anabwera dzulo amalembedwa, iwe wa zaka 30 n'kukuuza kuti sitikukudziwa. Muno mulibe amene ali ndi pepala la nyumba. Ndikufuna chithunzi choonetsa chitseko changa, nkhope yanga, ndi ana amene anabadwira momwemo."

Mlendo sanakane, ndimunenere zoona. Anafunsa nambala ya foni kapena adiresi ya pa intaneti kuti adzatumize akakafika kwawo. Mayi anapukusa mutu. Foni yawo ndi ya mabatani. Ankafuna pepala, logwirika, loti alipinde n'kulisunga. Munthu anali ndi makamera a mtengo wogula nyumba, zithunzi mazanamazana m'kati mwake, koma pepala analibe ngakhale limodzi. Anatambasula manja mopepesa. Kunja kunkada, ndipo ankafuna kukapeza dziwe lisanalowe mumdima.

Ndinakumbuka ojambula a kwathu akale, oyenda panjinga mudzi ndi mudzi, amene unkawalipira theka n'kudikira milungu iwiri kuti akatsukitse ku tauni. Nthawi zina ankabwera n'kukuuza kuti chithunzi chako chinapsa. Koma chikapanda kupsa, chinali chako, unkachiika m'Baibulo.

Amene anadzuka ndi mphwanga, yemwe uja wa "anthu akudafe tili ndi vuto". Anatulutsa foni yake yong'aluka galasi.

"Mayi, tiyeni. Ine ndikujambulani."

Bondo langa linaiwala kuti limapweteka. Tinasiya mkulu wa thankala akulondera nsomba, ife n'kukwera makwerero otchuka aja, popanda wotipatutsa. Kumbali kulibe chogwirira, ndiye ndinkayenda chokhudza chipupa. M'makonde a m'kati muli mdima ngakhale masana, ndipo muli msika: wina akugulitsa mafuta ophikira a m'timabotolo, wina akumeta, wina akusoka nsapato pa kuwala kwa pazenera. Penapake pankamveka kwaya ikuphunzira nyimbo. Anatiuza kuti muli tchalitchi, ndipo panja pafupi ndi dziwe pali mzikiti. Dziwelo ndinaliona kuchokera m'mwamba: madzi obiriwira ndi ndere m'munsi mwake, amayi akuchapa m'mbali, ndi mlendo wathu ataimika chitsulo chake, mnyamata uja akupalasanso manja.

Chipinda cha mayiwo chinali theka la chipinda cha hotela, chodulidwa pakati ndi mabango ndi masaka. Mbali inayo mumakhala banja lina. Chitseko ndi cha lata, chokhoma ndi loko wa njinga. Anaitana ana. Mwana wamkazi anasintha bulauzi, zidzukulu anazipukuta kumaso ndi malovu, ndipo mnyamata wamkulu anatenga khala n'kudetsanso nambala imene inalembedwa pachipupa pamwamba pa chitseko, kuti ioneke bwino. Palibe anamwetulira. Anaima chilili ngati pa chithunzi cha chiphaso. Mphwanga anajambula kanayi, ndipo mayi anasankha chimene nambala inaoneka kwambiri.

Potsika mphwanga sanalankhule. Titafika pa benchi anangofunsa kumene amatsukitsa zithunzi m'tauni.

M'mawa mwake mapepala athu anatuluka. Tisanapite kukapakira, tinadzera pa kasitolo kena pafupi ndi msika wa Maquinino, n'kutsukitsa makope awiri, ndipo mphwanga anapempha kuti alembe tsiku kumbuyo. Tinawapeza mayi akuyatsa mbaula. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akuwerenga nkhope ndi chala. Kenako anapisa m'thumba la pansi pa tebulo n'kutulutsa kapepala ka pulasitiki ka shuga, kopindidwa kangapo. M'katimo munali chitupa chawo, makadi a sikelo a zidzukulu, ndi kakhadi kena kachikasu, kothetheka m'mbali, kolandirira chakudya ku Mankhokwe. Chithunzi chimodzi anachiika momwemo. Chinacho anati akachisungitsa kwa mbale wawo kunja kwa hotela, kuopa moto.

Anatipatsa nsomba zitatu za paulendo, ndalama anakana. Tinazidya titadutsa Dondo, matumba a feteleza ali kumbuyo.

Kope lachitatu lili m'foni ya mphwanga, ndipo ndaliona kangapo. Makwerero aja sakuonekamo, nyanja sikuonekamo. Mukuoneka chitseko cha lata, nambala yolemba ndi khala, ndi anthu asanu ndi mmodzi akuyang'ana kutsogolo.